Dzina la Makwangwala pa Ndege ya Nkhondo

Ku Limbe, zaka zimenezo, munthu ukagula lole n'kufuna kuti dzina lako lioneke pachitseko, unkapita kwa a Dixon Makwangwala. Shopu analibe. Anali ndi benchi pakhonde la sitolo ina ya zitsulo, zitini za penti, botolo la palafini lotsukiramo maburashi, ndi dzanja. Koma dzanja limenelo, abale inu! Osayamba ajambula mzere ndi choko, osayeza ndi lula, ayi. Ankangoyang'ana chitsekocho, kufunsa dzina, kuviika burashi, basi zilembo zayamba kundandalika, chomaliza n'kukathera pomwe chiyenera kuthera. Anthu ankaima kumaonerera mpaka kuiwala zomwe atumidwa.

Ndipo a Dixon sankalemba ali chete. Pakamwa pankayendera limodzi ndi burashi. "Galimoto yopanda dzina ndi ya aliyense," ankatero. "Koma ikakhala ndi dzina, tsiku lomwe yagunda mbuzi, eni mbuziyo amadziwa khomo loti akagogode." Mawu amenewa anawanena kwa eni malole, eni zigayo, eni magolosale, mpaka iwo eni ake anasiya kuwamva.

Anakwatira Ida, namwino wochokera ku Rumphi, mtsikana wosachedwa kuseka komanso wosachedwa kugwira bodza. Mwana wawo anamutcha Chawezi, dzina lakwawo kwa mayi ake. Kuyambira tsiku limenelo dzina loti Dixon linatsala pachiphaso. Aliyense ankawaitana kuti bambo a Chawezi, iwo n'kumavomera mokweza.

Ida atapeza mwayi wa sukulu ku South Bend, ku Amerika, banja lonse linasamuka, Chawezi asanayambe n'komwe sukulu. Kumeneko n'kumene dzanja lija linasowa ntchito. Kuno zilembo amadula ndi makina n'kungomata. A Dixon analowa ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, kusambitsa madala achizungu, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Ntchitoyo si yoipa, ambiri tadyera momwemo, koma iwo inkawawawa mumtima. Ida ankangokwera, mayeso alionse kukhoza. Iwo burashi ankaigwira pakakhala ukwati wa Amalawi basi, kulemba "Takulandirani" pansalu, mawa lake nsaluyo n'kupindidwa.

Koma tisanamizire ntchito. Chinawachotsa pakhomo ndi mayi wina wa ku Indianapolis. Anauza Ida kuti apeza ntchito yabwinoko kuchipatala china cha mumzindawo, azibwera Loweruka lililonse. Ntchitoyo inalipodi, yokankha odwala pamatirole kuchoka nawo kuwodi kupita nawo kokajambulidwa. Loweruka loyamba anabwera. Lachiwiri anabwera. Kenako kunagwa sinowo, kenako kunali shifiti, kenako galimoto inkamveka kaphokoso. Msewu wochoka ku Indianapolis kupita ku South Bend ndi woongoka, wa phula losalala, ukanyamuka utamwa tiyi umakadya nkhomaliro uko. Koma a Dixon unawatalikira kuposa kwawo ku Chiradzulu. Chawezi anali giredi yachitatu pomwe anamuuza pafoni kuti, "Ndibwera Loweruka, mama." Loweruka limenelo silinafike.

Ukwati unatha. Mayi wa ku Indianapolis uja nayenso patapita zaka analongedza zake n'kulowera ku Texas. A Dixon anatsala okha m'kanyumba ka lendi ku Indianapolis komweko, kufupi ndi msewu wa Lafayette. Manyazi ali ndi khalidwe lake. Poyamba umati ndiimba mawa. Zaka zikamapita umati ndikaimba ndiyambira pati. Mapeto ake umangosintha nkhani wina akatchula South Bend. Za mwana wawo ankangomvera kwa anthu. Anamva kuti Ida wakwatiwanso ndi a Luhanga, akwawo ku Rumphi, amene masana ankakonza mabasi a sukulu, madzulo n'kumakonza magalimoto a Amalawi m'galaja kuseri kwa nyumba. Anamva kuti Chawezi wamaliza sekondale, kenako kuti walowa usilikali wa ndege. A Luhangawo sankawatchula dzina, ankangoti "makaniko uja". Koma kutchalitchi wina akaitana kuti "bambo a Chawezi", ankatembenuka osaphethira n'komwe.

Nkhani ya ndege inawapeza Lamulungu lina, m'sitolo ina ya mumsewu wa Lafayette momwe Amalawi amagula ufa ndi nsomba zouma akaweruka kutchalitchi. Anabwera nayo ndi Kingsley, mnzawo wa m'kwaya, munthu amene sadziwa kunong'ona.

"Bambo a Chawezi! Mwatibisiranji zimenezi? Ha! Mwana wanu akupatsidwa jeti, inu muli phee kusankha usipa?"

Anawaonetsa foni. Ida anali ataponya uthenga pagulupu ya Amalawi a ku Indiana: Chawezi, amene tsopano ndi Sajeni, wapatsidwa ndege ya nkhondo yoti aziyang'anira, ndipo dzina lake lilembedwa pandegepo. Kukhala mwambo. Ofuna kupita anene msanga, chifukwa pageti la asilikali salowa chisawawa.

"Dzina lanu, achimwene, pandege ya Amerika! Makwangwala m'mitambo!"

"Ee, anandiuza kale," anatero a Dixon. Bodza limenelo linatuluka lokha. Za usajenizo ankazimva koyamba pomwepo.

Atafika kunyumba mtima unayamba kuwadya. Makwangwala m'mitambo, inde, koma ndani wanena kuti alemba Makwangwala? Mwana wakulira m'nyumba ya Luhanga, wadya za Luhanga. Kuno kusintha dzina si nkhani, umangopita kukhoti. Bwanji atakafika ndi Kingsley, pamaso pa Amalawi onse a ku South Bend, n'kupeza pandege palembedwa Chawezi Luhanga? Ndiye kuti zatha, mwana wawafufuta, ndipo zoti "bambo a Chawezi" zisanduka nthabwala ya pamaliro ndi paukwati. A Dixon ankafuna chinthu chimodzi basi: dzina lawo likhale pandegepo, iwo aime pansi pake, anthu aone kuti mwanayo akadali wawo.

Anaimbira Ida. Nambala inali yomwe ija, sinasinthe zaka zonsezi, ndipo zimenezo nazo zinawabaya.

"Mayi a Chawezi, ndine."

"Ndakuzindikirani. Kwagwanji?"

"Ayi, kulibe choipa. Ndaona uthenga uja. Ndimati mwina nanenso ndingabwere."

Ida anayankha mosakometsera.

"Mwambo si wanga. Ndimufunsa mwini wake."

"Zikomo. Nanga pandegepo alemba kuti chiyani?"

"Zaka zonsezi, funso lanu loyamba ndi limenelo? Osafunsa kuti mwana ali bwanji?" Ida anaseka pang'ono, kuseka kosachokera mumtima. "Mukabwera mudzawerenga nokha. Si inu katswiri wa zilembo?"

Patapita masiku, uthenga unabwera, waufupi: Wati mubwere.

A Dixon anatenga mawu awiriwo ngati chikhululukiro chonse. Anagula nsalu yoyera, anafukula maburashi m'katoni, anayala nsaluyo pabalaza n'kugwada. Dzanja linali lomwe lija. CHAWEZI, MWANA WA MAKWANGWALA, zilembo zofiira zokhala ndi mthunzi wakuda, zomwe zija za pamalole a ku Limbe. Akulemba ankadziuza kuti pandege pakakhala dzina lina, nsaluyi sidzatuluka m'buti. Likakhala lawo, adzaitambasula anthu onse aone.

Mwambo unali Loweruka, ndipo Loweruka limeneli ndiye anafika, m'mawa ndithu, Kingsley akudiraiva. Unachitikira m'chishedi chachikulu cha pabwalo la asilikali, chotalika denga ngati cha okushoni ya fodya. Atangolowa, a Dixon anamva fungo lomwe ankalidziwa bwino. Mafuta a jeti amanunkha palafini, ndipo kwa kanthawi anakhala ngati ali pabenchi yawo ku Limbe. Ndege inali pakati, yotuwa, yamphuno yosongoka, yaikulu kuposa mmene imaonekera pa kanema. Asilikali ndi mabanja awo anakhala mbali ina, Amalawi a ku South Bend mbali ina, azimayi atavala zitenje zofanana. Onse anawaona a Dixon. Moni anapereka, waulemu ndithu, koma akangodutsa maso ankakumana kumbuyo kwawo.

Ida imvi zinali zitayamba m'mbali. Pafupi naye panali a Luhanga, bambo wamfupi, wojintcha, suti yowathina m'mapewa, zikhadabo zoti sopo anazilephera kalekale. Anaimirira n'kupereka dzanja. "Mwayenda bwanji, a Makwangwala?" Basi, osawonjezera. A Dixon ankati akhale kumbuyo, koma Kingsley anawakankhira mzere woyamba. "Kholo silikhala kumbuyo, inu!" Anakhala, pakati pa iwo ndi a Luhanga patatsala mpando umodzi wopanda munthu.

Kenako Chawezi anabwera. Anamusiya ali ndi mano ogweruka, lero ndi mzimayi wamtali, yunifolomu yosita bwino, tsitsi lomangira kumbuyo, nkhope yonse ya malemu mayi awo a Dixon. Anawapatsa moni ndi manja awiri, atapinda bondo pang'ono. Wina anamuphunzitsa zimenezo, ndipo sanali iwo.

"Mwabwera, bambo. Zikomo." Chichewa chake chinali chopindika lilime, koma chomveka. Kenako anatembenukira kwa a Luhanga n'kuwagwira pakhosi. "Adadi, tayi yapotoka."

Mwambo usanayambe, Chawezi anatenga alendo ake kuzungulira ndege. Mbali yakumanzere, m'munsi mwa galasi momwe amakhala woyendetsa, panali dzina la mzungu.

"Ndiye kuti eni ake ndi amenewa?" anafunsa a Dixon, kuti nawonso amveke mawu.

"Ayi. Ndege ndi ya boma. Awo ndi a Meja, pailoti. Dzina lawo lili apo mwaulemu. Iwo amakwera ndege iliyonse yomwe ili bwino tsiku limenelo. Mwezi utha kutha asanaikhudze iyi."

Anazungulira mbali inayo. Kumeneko anali ataikako makwerero achitsulo okhala ndi poima pamwamba, ndipo m'munsi mwa galasi munali momata pepala lakhaki.

"Langa lili apo. Mbali iyi amalemba la munthu amene amakhala nayo. Ine ndimafika onse asanafike, ndimaona matayala, mafuta, mabuleki, bauti iliyonse. Ikadontha mafuta safunsa a Meja, amafunsa ine. Ikanyamuka ndimakhala pompano mpaka itabwera."

Azimayi anati "Ee-e!", Kingsley anaimba mluzu. A Dixon sanamvetsere n'komwe. Maso awo anali papepala lija. Munthu amene wakhala akuyeza zitseko ndi maso moyo wake wonse pepala silingamubisire kanthu. Anaona kutalika kwake, anakumbuka msinkhu wa zilembo za mbali ija, mutu unagwira ntchito wokha. Luhanga sangadzaze malo onsewo. Ndi Makwangwala! Anasangalala, tisabise, anasangalala ngati mwana. Anagwira Kingsley pamkono n'kumunong'oneza kuti mwambo ukangotha akatenge nsalu ija m'buti.

Anthu anakhala pansi. Kunali nyimbo ya fuko, kunali sawatcha, kenako a Meja aja anaima kutsogolo, mzungu wamtali wometa mpala, wolankhula momwetulira. Ananena kuti iwo akamakwera ndege safufuza chilichonse pansi pake, amangoyang'ana nkhope ya Sajeni Makwangwala, akati ili bwino ndiye kuti ili bwino. Ananena kuti tsiku lina anamufunsa kuti kusamala koteroko anakutenga kuti. Ndipo Chawezi anawauza za bambo ake. Akuti ali wamng'ono ankaima m'galaja yozizira ku South Bend, atagwira tochi, bambo ake ali pansi pa galimoto. Akuti bambo akewo sankalola kutseka boneti sipanala iliyonse isanabwerere pamalo pake, ngakhale zala zitauma ndi chisanu. Akuti tsiku lomwe ankapita ku maphunziro a usilikali, bambo akewo anamuperekeza mpaka pageti n'kumupatsa tochi ija.

"Munthu ameneyo ndikufuna ndimuthokoze ndekha," anatero a Meja m'Chingerezi chawo, "chifukwa moyo wanga uli m'manja omwe anawaphunzitsa iye. Bambo Makwangwala, muli pano? Imani tikuoneni!"

Tsono apa mverani. A Dixon galaja imeneyo sanaipondemo. Sipanala ndi pulayala amasiyanitsa movutikira. Nkhani yonse ija ankaimva akudziwa bwinobwino kuti ndi ya munthu amene wakhala pampando wachiwiri kuchoka pa iwo. Koma dzina lomwe linaitanidwa linali lawo. Chigongono cha Kingsley chinawabaya m'nthiti, miyendo inawongoka yokha, ndipo anapezeka ali chilili.

Asilikali anaomba m'manja, chishedi chonse chinalindima. Mbali ya Amalawi ndiye kunali zina. Mayi wina anayamba kululutira, nthungululu n'kudukira pakhosi. Ena manja anawasiya m'malere. Ida ankayang'ana nsapato zake. A Luhanga ankaomba, pang'onopang'ono, maso ali pandege, nsagwada zitalimba. Nthawi yonena inalipo. A Dixon akanatha kuloza ndi chala chabe kuti si ine, ndi awa. Sanatero. Ndipo chimene chimawapweteka mpaka lero n'chakuti anakweza dzanja. Anabayibitsa, abale, ngati munthu wopambana chisankho. Dzanja likutsika m'pomwe maso awo anakumana ndi a Chawezi. Mwanayo sanakwiye, sanamwetulire. Ankangowayang'ana mmene ankayang'anira matayala a ndege ija.

A Dixon anakhala pansi. Manyazi oterowo anali asanawamvepo chibadwire.

Anaitana Ida kuti akamatule pepala. Anakwera makwerero atagwira chitenje, anakoka, ndipo zilembo zakuda zinaonekera: CHAWEZI MAKWANGWALA. Ndi lomwe lija a Dixon analipempherera, lomwe analiyeza ndi maso, koma tsopano sanathe kuliyang'ana. Chawezi atapatsidwa mpata anathokoza akuluakulu ake ndi anzake m'Chingerezi, kenako anatembenukira mzere woyamba n'kunena m'Chichewa kuti, "Adadi, tochi ija ikadalipo." Asilikali anamwetulira n'kuyang'ana a Dixon. Amalawi onse ankadziwa komwe mawuwo apita.

Nthawi ya chakudya itakwana, zinafika poipa. Msilikali uyu dzanja, uyo dzanja. Wina anafunsa kuti galaja ija ikadalipo? Wina anafuna malangizo a galimoto yake yomwe inkavuta kulira m'mawa. A Dixon anangoti "ee, ee", n'kuzemba. Anakaima kuseri kwa ndege, pafupi ndi tayala, komwe kunalibe anthu. Chawezi anawapeza komweko.

"Bambo, chakudya chili uko."

"Ndamva, mama. Koma zija zachitika zija..."

"A Meja sakudziwa. Ine ndikamati adadi, iwo amaona dzina la payunifolomu yanga. Si vuto lawo."

Si vuto lawo. Sanawonjezere kuti ndi la ndani.

A Dixon anafunsa chomwe chinali kumtima. "Nanga dzinali unalisungiranji? Bwanji sunasinthe?"

Chawezi anawerama n'kupapasa tayala ndi chala chachikulu, mwachizolowezi chabe. "Ndinkafuna. Nditamaliza sekondale ndinawauza adadi kuti ndikupita kukhoti, ndikakhale Luhanga. Anakana."

"Anakana?"

"Tinakangana kwambiri. Ine ndinalira, ndinkaona ngati sakundifuna. Iwo anati, 'Bambo ako tsiku lina adzakufuna. Adzafunsa ndi dzina lomwe akulidziwa. Anthu akadzawauza kuti kuno kulibe wotero, adzabwerera.' Ndiye ndinalisiya." Anadzuka, anapukuta chala pa thalauza. "Ndinkaganiza kuti mubwera msanga kuposa apa."

Sananene mokalipa. Bola akanakalipa. A Dixon ankayesa kuti dzina lija latsala chifukwa magazi ndi magazi, chifukwa mwana amawasowa. Kani analisunga ndi makaniko uja, kuwasiyira khomo loti adzagogode, iwo osagogoda. 

Pomwepo Kingsley anatulukira, nsalu ili m'khwapa, akupuma wefuwefu. "Ndabwera nayo, achimwene! Tiimangirire pati?"

"Kaibwezeni."

"Iii, mwavutikira nayo chonchi?"

"Ndati kaibwezeni m'buti, a Kingsley."

Kingsley anayang'ana a Dixon, anayang'ana Chawezi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anayankha monong'ona, n'kubwerera.

Kutsogolo kwa ndege a Meja anali akuitana kale. Inali nthawi ya zithunzi. Banja likwere pamakwerero paja, liime pafupi ndi dzina. Ida anakwera, Chawezi anakwera n'kupereka foni yake kwa msilikali wina kuti ajambule. A Luhanga anatsala pansi, manja ali kumbuyo, pakati pa Amalawi anzawo. A Meja anakodola a Dixon ndi nkhope yonse yowala. "Bambo, kwerani, malo anu ndi pakati!"

Malo omwe anabwerera aja ndi amenewo. Masitepe ochepa chabe, n'kuima pansi pa Makwangwala, chithunzi n'kuzungulira magulupu onse mpaka ku Chiradzulu. Palibe akanawaletsa. A Luhanga sakanayankhula, Ida sakanawachititsa manyazi pamaso pa alendo, Chawezi anali atasuntha kale pang'ono kuwasiyira mpata. Amalawi onse ankadikira.

A Dixon anapita kwa msilikali uja n'kupempha foni. Kenako anatembenukira kwa a Meja, n'kunena m'Chingerezi chawo cha kuwodi, mawu akutuluka mosasa.

"Bwana, ndinalakwitsa kuima paja. Wa galaja si ine. Ine ndi dzina chabe. Amene munkawathokoza ndi awo."

Analoza. A Meja anayang'ana uku, anayang'ana uko, mpala wonse unafiira. Anapita kwa a Luhanga, anawagwira dzanja ndi manja awiri, anapepesa mobwerezabwereza. A Luhanga anangogwedeza mutu. Sanayang'ane a Dixon, ndipo a Dixon sanayembekezere kuti awayang'ane.

"Kwerani, a Luhanga," anatero a Dixon.

Anakwera mwapang'onopang'ono, suti ikulira m'mapewa. Chawezi anawakokera pakati n'kuwakoleka mkono. Koma pakatipo msana wawo unaphimba zilembo, kunangotsala CHAWEZI kuonekera pambali. A Luhanga anacheuka, anaona, anayamba kusunthira kumbali.

"Ndikutchinga dzina lanu, a Makwangwala."

"Ayi. Imani pomwepo."

"Silioneka."

"Imani pomwepo, bambo a Chawezi."

Mawu amenewo anamveka chishedi chonse. Mayi uja amene nthungululu yake inadukira pakhosi anaimaliza tsopano, anzake n'kulandira. Ida anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. A Dixon anakweza foni, anawaika atatuwo pakati, anadina.

Madzulo a tsiku lomwelo Chawezi anaponya chithunzicho pagulupu. Chinatuluka chosaoneka bwino, nkhope zonse zitachita mbuu, ndege itapendekeka. Dzanja lija, lomwe linalemba malole a ku Limbe osaphonya mzere, linali litanjenjemera. Zithunzi zina zabwino zinalipo, zojambula asilikali, koma iye anasankha chimenecho. A Dixon anachiona ali m'galimoto, akulowa mu Indianapolis, nsalu ili m'buti. Pansi pake panali mawu ochepa, olunjika kwa iwo pamaso pa gulupu yonse: "Anajambula ndi bambo. Loweruka likubwerali tili pakhomo ku South Bend."

Kingsley anawerenga nawo ataima pa maloboti. "Mupita?"

A Dixon anayang'ananso mawu aja. Loweruka ankalidziwa bwino, analilonjezapo kale.

"Mudzanditenge m'mawa," anatero. "Ndikadzayamba zoti shifiti, zoti galimoto, musadzandimvere."